Gaga Amene Timapatsa Nkhuku

Mayi wina wa m'boma la Ntcheu anagwira ntchito yosamalira odwala m'nyumba zawo mumzinda wa Edinburgh, ku Scotland, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Wodwala amene sadzamuiwala anali mphunzitsi wamkazi amene ankavutika ndi matenda otchedwa multiple sclerosis. Lero amadziyendera yekha, mawa lake supuni ikumugwa m'manja, miyendo yachita dzanzi, maso akuona mwachimbuuzi. Mayi wa ku Ntcheu uja ankadziwa kuti kwawo, matenda obwera ndi kupita chotere akanachititsa anthu kulozana zala za ufiti.

Mphunzitsiyo ndiye anamufotokozera. Mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana ili ndi chikuto chotchedwa myelin, chofanana ndi pulasitiki yokuta waya wamagetsi. Mwa wodwala matendawa, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga chikutocho, ndipo uthenga wochokera ku ubongo umafika mochedwa m'ziwalo kapena sufika n'komwe. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anawafotokoza matendawa mu 1868. Pofika 2020, anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse ankakhala nawo, ambiri mwa iwo amayi. Ndi ofala kwambiri m'mayiko ozizira monga Scotland ndi Canada, ndipo sapatsirana.

Chimene chinamudabwitsa mayiyu n'chakuti akatswiri ofufuza matenda a ubongowa ankayang'ananso m'matumbo. M'menemo mumakhala mabakiteriya miyandamiyanda, ambiri othandiza: amagaya chakudya ndi kuphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mdani ndi mnansi. Mu 2011, ofufuza a ku Max Planck Institute ku Germany anaona kuti mbewa zobadwa ndi chibadwa cha matenda ofanana ndi amenewa sizinkadwala zikaleredwa popanda mabakiteriya alionse, koma zinkadwala zikapatsidwa mabakiteriya a m'matumbo. Mu 2017 anayeza magulu 34 a mapasa ofanana, m'modzi wodwala, mnzake wabwinobwino. Mbewa zolandira mabakiteriya a wodwala zinadwala zambiri kuposa zolandira a mnzake. Chaka chomwecho, gulu la Sergio Baranzini ku San Francisco linayerekeza odwala 71 ndi anthu 71 osadwala, n'kupeza kuti mitundu ina ya mabakiteriya inachuluka mwa odwala pamene ina inachepa.

Mphunzitsi uja ankachenjeza kuti matumbo ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi. Chibadwa, kusuta fodya ndi kuchepa kwa vitamini D zimathandizira, ndipo kafukufuku wa ku Harvard wa mu 2022 anasonyeza kuti kachilombo ka Epstein-Barr kali ndi gawo lalikulu. Palibe chakudya chimene chatsimikizika kuti chimachiza matendawa, kotero iye sanasiye mankhwala a kuchipatala ngakhale tsiku limodzi.

Komabe panali nkhani imodzi imene inamukhudza mtima mayi wa ku Ntcheu. Mu 2010, ofufuza anayerekeza ana a m'mudzi wina ku Burkina Faso, odya mapira, machewere, khobwe ndi masamba, ndi ana a mumzinda wa Florence ku Italy. Ana a kumudziwo anali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya m'matumbo, komanso timaasidi tambiri timene mabakiteriya amapanga akamagaya gaga ndi masamba. Timaasidi timeneti timathandiza kuti chitetezo cha m'thupi chisamalimbane ndi thupi lomwe. Mayiyu atamva zimenezi anakumbukira dimba la mayi ake, ndi manyazi amene ankachita ali mwana akamadya nsima ya mgaiwa pamene anzake ankadya ya ufa woyera.

Atabwerera kumudzi, mayi ake anamulandira monga mlendo wochokera kunja. Anakonola chimanga, anaviika mphale, gaga anathira nkhuku, ndipo anapepesa kuti ndalama ya buledi ndi zakumwa za m'botolo inali isanapezeke.

"Amayi, musavutike," anatero. "Mundiphikire mgaiwa, nyemba ndi bonongwe wotendera. Zimenezi ndinazisowa zaka zonsezi."

"Mwanangu, wachoka kwa azungu kudzadya chakudya cha amphawi?" anafunsa gogoyo akuseka.

Iye sanatsutsane nawo. Anadya, ndipo madzulo anapempha thobwa.

Masabata otsatira anayamba kucheza ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo. Anawauza kuti makapisozi ogula pagolosale popanda chilolezo cha dokotala amapha mabakiteriya othandiza pamodzi ndi oipa omwe. Anawakumbutsanso kuti m'chigawo chino cha Africa madokotala a mitsempha ndi makina a MRI ndi ochepa, choncho odwala ena sapezeka n'komwe m'kaundula wa chipatala.

Mlangizi wina atamva zizindikirozo anatchula mtsikana wa m'mudzi woyandikana amene miyendo inkamufooka n'kubwereranso, ndipo abale ake anali atakwiyira kale azakhali ake okalamba. Mayi uja anakana kutchula dzina la matendawo, poti dzanzi limabwera ndi matenda ambiri, monga shuga ndi ena. Anapita kukakhala pamphasa ndi makolo a mtsikanayo, n'kuwapempha kuti asanaloze munthu chala, ayambe amutengera mwanayo kuchipatala cha boma. Lolemba lotsatira anakwera nawo minibasi ya m'mamawa.