Kodi ku Likulu Timakwera Kapena Timatsika?

Ife a ku Angónia ndi a ku Lichinga timakhala kumtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mcere. Maputo ali m'mphepete mwa nyanjayo, motero wopita ku likulu amatsika. Komabe mwana wa m'mudzi mwathu akapeza nchito kumeneko timati wakwera, ndipo akabwerera kudzagwira khasu timanong'onezana kuti wagwa. Miyendo ikunena zina, mtima zina.

M'Malembo Oyera, wopita ku Yerusalemu amakwera. Mzindawo uli pamapiri, mamita oposa 700 pamwamba pa nyanja, pamene Yeriko ali m'cigwa, mamita pafupifupi 250 kunsi kwa nyanja. Koma si mapiri okha amene anabala mawuwa. M'masiku a Atumwi bwanamkubwa wa Aroma ankakhala ku Kesareya, kumene kunali asilikali ndi bwalo lake la milandu. Ngakhale zinali conco, pa Nchito za Atumwi 25 Festo akukwera ku Yerusalemu, kenako akutsikira ku Kesareya. Mpando wa boma unali kunsi, Nyumba ya Mulungu inali kumtunda, ndipo Masalimo 120 mpaka 134 amachedwa nyimbo zokwerera kumeneko. Munthu amati kumwamba ndi kumene kuli cimene amacilemekeza.

Likulu la anthu limasamuka. Lathu linacoka pa Ilha de Moçambique kupita ku Lourenço Marques mu 1898, ndipo mu 1976 linalandira dzina la Maputo. Tikamayesa ulemu wa munthu ndi mzinda umene akukhalamo, muyeso wathu ndi wosakhazikika ngati mthunzi wa mtengo.

Ambuye Yezu anatembenuza muyesowo. Pa Marko 10 akuuza ophunzira kuti akukwera ku Yerusalemu kukaperekedwa ndi kuphedwa. Nthawi yomweyo Yakobo ndi Yohane akupempha mipando yaulemu, monga momwe ifenso timapemphera. Iye akuwayankha kuti ukulu uli m'kutumikira. Kukwera kwake kunali kukwezedwa pamtanda.

Tsono tisamale ndi lilime lathu. Pali ana athu amene akugona ndi njala m'mizinda, naopa kubwerera kwawo cifukwa ca manyazi amene ife tawakonzera. Wopita ku likulu timudalitse. Wobwerera timulandire ndi nsima yotentha, osati ndi mafunso obaya. Pamaso pa Mulungu, wakwera ndi iye amene wawerama kuti adzutse mnzake.