Lichero, Mizu ndi Mathithi a Ogasiti



Ogasiti akafika kuno ku Dedza, chisanu chimayamba kutha mphamvu. M'mawa nkhungu imaphimbabe phiri lathu lalitali mamita 2,198, koma masana munthu amatha kuvula juzi. Chimanga chili m'nkhokwe, khasu likupuma. Iyi ndiyo nyengo imene ife a gulu la achinyamata timachita zinthu ziwiri: kuphunzira kuluka kwa agogo athu, ndi kuyenda ulendo wapansi wokaona mathithi.

Kuluka lichero kumafuna kudekha. Agogo amang'amba nsungwi, kuzipala ndi mpeni mpaka zitapyapyala, kenaka kuzipingasa imodzi pamwamba, ina pansi, n'kumangirira zonse ku mkombero. Kansungwi kamodzi mwana angathe kukathyola ndi zala. Zikalukana, zimapeta mgaiwa zaka zambiri.

Nzeru imeneyi Mulungu sanapatse ife tokha. Ku Canada, kwawo kwa Bambo Claude Boucher amene anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, mitundu ya anthu monga Cree ndi Innu idakhala ikupanga nsapato zoyendera pa chipale chofewa. Amapinda mtengo ngati mkombero wautali, n'kuluka timizere ta chikopa mkati mwake. Phazi lopanda nsapatozi limatitimira; lovala limayenda pamwamba, chifukwa kulemera kwa munthu kumagawikana pa mfundo zambiri.

Tsono tikatsika zitunda zolowera ku Mua, kumene mitsinje monga Nadzipokwe imathamangira kuchigwa, timaima pa mathithi n'kudzifunsa: mvula idasiya mu Epulo, nanga madzi awa akuchokera kuti? Akuchokera ku lichero lina limene maso saliona. Mizu ya misuku ndi mitengo ina ya m'phiri idalukana pansi pa nthaka. Pamodzi ndi masamba oola, imachititsa kuti mvula ya Januwale ilowe pansi m'malo mothamanga, ndipo madziwo amatuluka pang'onopang'ono mu akasupe chilimwe chonse.

Apa ndi pamene mtima umawawa. Pamene mitengo yathera ku makala ndiponso moto wolusa, mtsinje umasefukira m'dzinja, n'kuphwa chilimwe chisanafike pakati. Amene amayamba kuzunzika ndi amayi ndi alongo athu, olawirira ndi ndowa kukafuna madzi kutali. Sitikuloza chala woocha makala yekha, pakuti ambiri umphawi ndiwo wawakankha, ndipo mbaula zimene zimadya makalawo zili m'nyumba zathu zomwe.

Chikhulupiriro chathu nachonso chidalukidwa ndi ena. Ansembe a White Fathers adafika ku Mua mu 1902, ndipo mu 1937 Cornelius Chitsulo adadzozedwa kukhala wansembe woyamba wa dziko lino, amenenso adadzakhala episkopi woyamba wa Dedza. Pakati pa zaka zimenezi panali aphunzitsi, makolo ndi akatekisiti osatchuka amene adamanga mfundo imodzi imodzi. Ife tikumwa madzi a mvula imene idagwa tisanabadwe. Nanga obwera m'mbuyo mwathu adzamwa chiyani?

Mu 2015 malemu Papa Fransisko adalemba kalata ya Laudato Si' ndipo adakhazikitsa 1 Sepitembala kukhala tsiku lopempherera chilengedwe. Tsikuli lisatipeze chimanjamanja. Mphakati uliwonse ufese nazale tsopano, kuti mbande zidzakhale zitakula mvula ikamadzayamba. Wachinyamata aliyense apeze gogo mmodzi, akhale naye pamphasa, aphunzire luso la manja ake nthawi ikadalipo. Mutu umodzi susenza denga.

Ambuye, Inu amene mudalenga akasupe a m'mapiri, tilukeni pamodzi m'chikondi chanu, kuti tisamale zimene mudatisungitsa. Amen.