Mlonda wa moto kuseri kwa nyumba yathu

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chileka kuli mgolo wakuda umene alendo ambiri amauyesa wotayamo zinyalala. Si wa zinyalala ayi. Mgolo umenewu walipira gawo lalikulu la fizi yathu, ife mapasa a m'nyumbamo, kuyambira tili Fomu 3 mpaka kuno kukoleji. Timawambiramo nkhuku. Tikudziwa kuti ena mwa owerenga anasiya nyama kalekale, ndipo akamva fungo la utsi pa malaya athu amatiyang'ana mwachifundo. Tipirireni pang'ono, abale, pajatu kuno timadyera limodzi soya ndi nyemba popanda kunyinyirika. Nkhani yathu kwenikweni ndi ya moto, ndi ya kamakina kena kamene kanabwera kudzatilanda ntchito youlondera.

Kuwamba tinaphunzira kwa amalume ku Lirangwe. Patchuthi amayi ankatikweza minibasi, kutsika pa Kameza, kukwera ina yodutsa pa Lunzu, mpaka kukafika. Amalume amaweta nkhuku zachizungu, ndipo woweta aliyense amadziwa vuto la nkhuku zimenezi: zikakwana masabata 6 zimayamba kudya phindu lako, uyenera kuzigulitsa kapena kuzipha. Nanga ukazipha uzisunga kuti? Mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi ankathima nthawi yaitali moti ngakhale a firiji ankataya nyama. Chaka chimenecho amalume anayamba kuwamba nkhuku zotsala, ndipo anadabwa kuona kuti yowamba sichedwa kugulidwa, mtengo wakenso ndi wokwererapo.

Chipangizo chawo n'chosavuta. Mgolo wa malita 200, wotsukidwa ndi kuwotchedwa mpaka penti ndi mafuta akale zitatheratu. Pansi pake kambaula ka makala, m'mbali chakumunsi kabowo kolowera mpweya, pamwamba waya woyalapo nkhuku, kenako chivundikiro chokhala ndi kabowo kotulukira utsi. Pa makalapo amaikapo tizidutswa ta mtengo wa mango wouma bwino. Paini salola ngakhale pang'ono, amati utomoni wake umawawitsa nyama.

Chovuta ndi moto. Kuwamba si kanyenya wa pamsika amene amapsa uli chiimire. Moto uyenera kukhala wofatsa kwa maola 4 kapena 5, osazima, osalilima. Amalume alibe choyezera. Amaika chikhatho pachivundikiro n'kumawerenga chamumtima, kenako amasuntha chidutswa cha njerwa chimene chimatseka kabowo ka mpweya kaja, mwina ndi chala chimodzi chokha. Amayang'ananso utsi: ukakhala woyera, wochuluka ngati wa zinyalala zaziwisi, ndiye kuti zinthu zalakwika; wabwino ndi wopyapyala, wovuta kuuona. Ife tinatenga tchuthi ziwiri kuti chikhatho chathu chiyambe kumva zimene chawo chimamva. Titakhazika mgolo wathu ku Chileka tinazindikira mtengo wake weniweni wa ntchitoyi, womwe ndi tulo. Oda ikakhala ya maulendo awiri, wina amachezera usiku wonse pampando pafupi ndi mgolo, buku la sukulu pamwendo, maso ali ku njerwa.

Achimwene athu aakulu, amene anaphunzira zamagetsi, ndiwo anabweretsa nkhani ya makina. Anationetsa pa YouTube anthu a ku Texas akuwamba nyama ya pachifuwa cha ng'ombe kwa maola 12 kapena kuposerapo, eni ake ali mtulo, foni ili pambali kuwauza mmene moto ulili. Anthu amenewo amachita izi posangalala kumapeto a sabata. Achimwene anati ngati wosewera ali ndi mlonda wa moto, kuli bwanji ife odyera pomwepo?

Poyamba anabwereka kamakina koyendetsa kutentha m'makina oswetsa mazira. Anaiwala kuti dzira limafuna madigiri 37 kapena 38 okha, pomwe mgolo umafuna pakati pa 110 ndi 120. Kamakinako kanalekezera kuwerenga pa 110, ndipo kawaya kake ka pulasitiki kanafewa ngati phula usiku woyamba womwewo. Tinabweza kwa mwini wake ndi chipepeso cha nkhuku imodzi. Kachiwiri anaitanitsa ka mu uvuni, kokhala ndi kamsomali kachitsulo koyezera, kudzera mwa msuweni wathu wa ku Joni. Pamodzi ndi batire, mtengo wake unameza phindu la mwezi wathunthu, ndipo amayi anakhala masiku angapo osatchulako nkhaniyo, zimene kwathu zimatanthauza kuti sanakondwe.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kaja tinaphunzira mu sayansi ku sekondale, kuti moto umadya mpweya. Kamsomali kamakhala m'kati mwa mgolo pafupi ndi nkhuku. Kutentha kukatsika pansi pa nambala imene mwatchera, kamakina kamayatsa fani yaing'ono, yathu inachokera mu kompyuta yakufa, ndipo faniyo imauzira makala kudzera pa kabowo kaja. Kutentha kukafika, fani imaima, moto n'kufatsa. Ndi njerwa ya amalume yomweyo, kungoti iyi siodzera.

Tisaname, miyezi yoyamba tinakakonda. Nkhuku zinayamba kutuluka zofanana, za Lolemba ngati za Lachinayi, ndipo mayi wina wogulitsa chakudya amene ankadandaula kuti nthawi zina timamupatsa zouma anasiya kudandaula. Makala anayamba kukhalitsa, chifukwa tinasiya kutsegulatsegula chivundikiro. Ukatsegula kutentha kumathawa, mpweya n'kulowa wambiri, makala n'kunyeka msanga. Ichi kwa ife si cha ndalama chokha. Aliyense woyenda msewu wa M1 m'mawa amakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala kuchokera cha ku Zalewa, ndipo amaonanso mmene mapiri ayerera. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, koma mbaula zathu sizinaleke kuyaka. Thumba lililonse limene sitinagule limatipepuza mumtima pang'ono.

Ndiye kunabwera usiku wina wa mu Julaye, kukuzizira, kamphepo kakuwomba. Cha m'ma 10 koloko tinatsegula kuti titembenuze nkhuku, ndipo potseka sitinaone kuti kamsomali katsalira kunja, kakulendewera m'mbali mwa mgolo. Tinakagona ndi mtima m'malo. Kamakina kanamva kuzizira kwa Julaye, n'kuganiza kuti moto ukufa, ndipo fani inauzira osapuma. Mafuta a nkhuku anadonthera pamakala n'kuyaka. Amayi ndiwo anadzutsidwa ndi fungo, ndipo pamene tinkafika nkhuku 10 zinali zitasanduka makala anzake. Kulakwa kunali kwathu, osati kwa makina, koma tikanakhala pampando paja ngati kale, mphuno ikanatiuza pasanathe mphindi zisanu.

Amalume atamva anakwera minibasi kudzaona okha. Anazungulira mgolo kawiri, anagwira waya, anamvetsera fani. Kenako anati, "Ana inu, kanthu kanuka kali ndi nzeru ndithu. Koma kalibe mphuno." Achimwene anayankha mwaulemu kuti, "Amalume, komatu sikagona." Amalume anaseka n'kunena kuti, "Eya, sikagona. Agona ndinu."

Panali chinanso chimene tinachedwa kuchizindikira. Kamakinaka kamayeza mpweya wa mumgolo, osati nyama. Mgolo ukhoza kukhala pa 115 usiku wonse koma nkhuku yaikulu n'kukhalabe ndi magazi pafupa. Chimene chinathetsa vutoli ndi kachoyezera kena kotchipa kobaya m'ntchafu mwa nkhuku: kakawerenga madigiri 74, nkhukuyo yapsa ndipo siingadwalitse munthu. Anzathu akatifunsa ngati agule makina, timawauza kuti ayambe agula aka. Wowamba mwendo wa mbuzi kamodzi pachaka, pa Khirisimasi kapena pachinkhoswe, makina a fani sangamubwezere ndalama yake. Akhale pampando, acheze ndi abale ake, aphunzire utsi. Amene angapindule nawo ndi wowamba sabata ndi sabata, amenenso chikhatho chake chimadziwa kale moto, kuti makina akanama awagwire bodza.

Koma mkangano waukulu m'nyumba mwathu sunali wa ndalama. Unabuka mu Disembala, titalandira oda ya nkhuku 30 za ukwati wa Lamulungu masana. Mgolo wathu umalowa 10 basi, kutanthauza maulendo atatu, pafupifupi maola 15. Sabata likatha Loweruka cha m'ma 6 koloko madzulo, nthawi yotsala inali yothina kwambiri. Achimwene anabwera ndi nzeru: tiyatse Lachisanu dzuwa lisanalowe, tiikemo nkhuku 10 zoyamba, titchere makina, tisambe, titsegule Sabata. Palibe amene adzakhudze moto. Anatinso firiji ya aneba imalira Sabata lonse ndipo palibe amene amaiimba mlandu, nanga fani yathu yalakwanji?

Kunena zoona, ife awiri tinakopeka. Tinatsegula Eksodo 35, pamene ana a Israeli analetsedwa kusonkha moto m'nyumba zawo pa Sabata, n'kumatsutsana ngati fani youzira makala ikusonkha kapena ikungosunga wosonkha kale. Tinabwerera ku Eksodo 16, pa nkhani ya mana, pamene zophika zonse zinayenera kuthera tsiku lachisanu ndi chimodzi. Tinakangana mpaka nsima kuzizira, aliyense ali ndi vesi lake.

Amayi anatisiya tilankhule mpaka titatopa. Iwo sanayambire pa moto, pakuti nawonso amatenthetsa ndiwo za pa Sabata, ndipo sanaonepo tchimo pamenepo. Anafunsa kuti, "Nkhukuzo ndi zoti tidye ife mawa, kapena ndi za malonda?" Tinati za malonda. Anafunsanso kuti, "Zikapsa pakati pausiku adzaziphula ndani? Kapena zidzakhala mumgolomo mpaka mawa madzulo, kutentha kwa Disembala kuno?" Apa achimwene anakanda mutu, chifukwa makina saphula nkhuku, sathiranso makala. Funso lomaliza anayang'ana ife: "Inu awiri, chichitikireni za mu Julaye zija, mungagone osadzuka kukasuzumira? Nanga ku Sukulu ya Sabata mtima wanu udzakhala m'kalasi kapena kuseri kuno?"

Sitinayankhe, chifukwa yankho tinkalidziwa. Kuyambira usiku wa nkhuku 10 uja, fani ikamalira khutu lathu limakhala komweko ngakhale tili m'bulangete. Manja akanapuma ndithu, koma ife tikanakhala tili pantchito. Achimwene mpaka lero amati mfundo yawo ya firiji sinayankhidwe bwinobwino, ndipo mwina akunena zoona. Komabe Lachisanu limenelo mgolo unagona wozizira, batire tinaichotsa n'kuiika m'nyumba.

Loweruka titatseka Sabata ndi pemphero, tinavula za kutchalitchi mothamanga. Cha m'ma hafu pasiti 6 makala anali atayaka, madzi ali pamoto, ndipo tonse anayi tinagwira nkhuku 10 zoyamba: kupha, kusosola, kutumbula, kuthira mchere. Zinalowa mumgolo isanakwane 8 koloko. Apa ndi pamene kamakina kanabweza ndalama yake yonse. Kale mmodzi wa ife akanakhala pampando kuyang'anira njerwa, koma usiku umenewo manja onse anali ku nkhuku 20 zotsalazo, fani ikudziyatsa ndi kudzizimitsa yokha pambali pathu. Mphindi 30 zilizonse wina ankapita kukaona ngati kamsomali kali m'malo mwake ndi kununkhiza utsi. Ulendo wachiwiri unalowa pakati pausiku, wachitatu m'bandakucha ndege ya m'mawa isananyamuke pabwalo la Chileka. Tinagona mosinthana, maola awiriawiri. Pofika 11 koloko wa kabaza anali atanyamula mabeseni onse, ndipo ndalama ya ukwati umenewo ndi imene inatilembetsa semesita ino.

Amalume ku Lirangwe akadali ndi njerwa yawo, ndipo za fani safuna n'kumva komwe. Amati batire ikatha usiku adzafunsa ndani. Koma titapitako tchuthi chapitachi, potiperekeza pa siteji anatikokera pambali, kuti achimwene asadzamve, n'kutifunsa mtengo wa kachoyezera kobaya m'ntchafu kaja. Tinawasiyira kathu, ndipo tikusunga ndalama zogulira kena.