Mamailosi anga anathera ku chikuta

 Pepani ndakhala duu nthawi yaitali, mukudziwa kale mmene ntchito ya choko imakhalira Form 4 ikayandikira mayeso. Lero ndati ndiyankhe funso limene landitopetsa mu staff room. Mphekesera inamveka yoti mayi akunyumba anapita ku Ulaya pa ndege yaulere, ndiye aliyense akandiona amangoti, "Achimwene, tiuzeniko mankhwala ake." Mankhwala palibe, ndipo ulendowo sunali waulere kwenikweni. Khalani pansi ndikufotokozereni.

Nkhaniyi inayamba mu 2014. Sukulu yathu ili pa ubale ndi sukulu ina ya ku Scotland, monga zilili sukulu zambiri kuno kwathu, ndipo chaka chimenecho mwayi wokacheza kumeneko unagwera ine. Tikiti analipira ndi anzathuwo. Ndisanabwerere, mphunzitsi amene ndinkagona kwake anandikhazika pa kompyuta n'kundilembetsa ku kampani ina ya ndege ya ku Ulaya kuti ndizisunga mamailosi. Anandiuza kuti ulendo uliwonse ndizipereka nambala yanga, ndipo kampaniyo izindilembera mamailosi amene tsiku lina ndidzasinthanitse ndi tikiti. Ndili ngati basela wa pamsika, kungoti uyu amamusunga m'buku mpaka achuluke. Nzeru imeneyi inatchuka mu 1981 pamene American Airlines inayambitsa AAdvantage, ndipo lero pafupifupi kampani iliyonse yaikulu ili ndi yake. Ya Ethiopian Airlines amaitcha ShebaMiles.

Ndinapitanso mu 2016. Nambala ija ndinailemba pa chikuto cha Baibulo, mtima uli m'malo kuti chuma changa chikugona bwino. Nditadzatsegula akaunti ija patapita zaka, ndinapeza muli mbee! Palibe anandibera. Malamulo analemba momveka kuti mamailosi amatha mphamvu pakapita zaka zitatu, koma ine, munthu amene ndimakalipira ana kuti aziwerenga malangizo asanayankhe funso, sindinawerenge. Mamailosi ali ngati chimanga chosathira mankhwala: ukamati ndisunge, anankafumbwe ali mkati. Makampani amasiyana pa nkhaniyi. Ena, monga United ndi Delta a ku America, anasiya kufufuta mamailosi, ena amafufuta ukangokhala nthawi osayenda. Werengani za kwanu.

Mliri wa Covid utadutsa, maulendo anayambiranso. Pakati pa 2022 ndi 2024 ndinayenda katatu, kawiri ku Scotland ndi kamodzi ku msonkhano wa aphunzitsi. Ulendo uno ndinachenjera. Ndinkasunga ka boarding pass kalikonse mu envulopu, ndipo ndikafika kunyumba ndinkaona ngati andilemberadi. Ndinaphunziranso kuti kutalika kwa ulendo si kumene ukupatsidwa. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Addis Ababa ndi mamailosi pafupifupi 1,600, ndipo kuchoka kumeneko kufika ku London ndi pafupifupi 3,700. Koma tikiti iliyonse ili ndi chilembo chake chosonyeza mtengo umene inagulidwira, ndipo yotchipa imakupatsa theka, mwina kota, mwina osakupatsa kanthu. Makampani ena masiku ano amangowerengera ndalama zimene walipira basi.

Ndinali ndi cholinga changa. Ndaphunzitsa Geography zaka zoposa 25. Mtsinje wa Nile ndaujambula pa bolodi kosawerengeka, mpaka ndimatha kuujambula nditatsinzina, koma sindinauonepo ndi maso. Ndinkati ndikapuma pantchito, mamailosi amenewa adzanditengere ku Cairo, ndikaime m'mbali mwa madziwo, ndikajambulitse, kenako ndidzakutumizireni inu nonse amene munkagona ndikamaphunzitsa za Aswan.

Ndiye kumayambiriro kwa 2025 mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Edinburgh, anaimba foni. Anayamba walankhula ndi mayi ake kuchipinda nthawi yaitali. Atatuluka, mayi akunyumba anangokhala pa mkeka osayankhula, kenako anati, "Bambo, mwana uja ndi woyembekezera. Akuti mwezi wa October."

Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa. Mwana woyamba, mtsikana sakhala yekha m'chikuta. Pamafunika mayi ake woti amuphikire phala, amusambitsire khandalo, amuonetse kaberekedwe ka kumbuyo, amuuze kuti kulira uku ndi njala, uku ndi m'mimba. Kunja kuja kulibe azakhali, kulibe anansi olowa osagogoda. Mkamwini wathu naye amagwira ntchito usiku.

Tinafunsa mtengo wa tikiti. Sindiutchula pano, mungaleke kudya. Mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo matikiti a ndege amatsata dola. Pa malipiro a mphunzitsi, ndalamayo inali ya miyezi ingapo osagula ngakhale mchere. Anawo nawo anali akusonkhanitsa za mwana, lendi ya kumeneko ndi yosayamba. Mayi akunyumba anati, "Zisiyeni bambo, ndizimulangiza pa foni." Anatero akupukuta mbale youma kale.

Usiku umenewo sindinagone. Ndikunena zoona, Cairo inandivuta kuisiya. Munthu umatha kukonda chinthu chimene sunachigwirepo. Koma ndinakumbukira akaunti yopanda kanthu ija ya ulendo woyamba. Ndinawerengera ndipo ndinapeza kuti mamailosi a 2022 ayamba kufufutika ndisanapume n'komwe pantchito. Ndinkasungira anankafumbwe kachiwiri. M'mawa ndinaimbira mwana uja n'kumufunsa ngati mamailosi a munthu angagulire tikiti munthu wina. Anati, "Adadi, zimatheka. Inenso ndili nawo anga a maulendo obwera kumudzi. Inu mulipire kubwera, ine ndilipira kubwerera."

Tsono apa ndi pamene pali phunziro lenileni. Kampani imene imasunga mamailosi anga ndege yake siitera ku Malawi kuno. Poyamba ndinkaganiza kuti basi, zathera pomwepo. Koma makampani a ndege ali m'magulu a mgwirizano, ndipo akuluakulu ndi atatu. Star Alliance inayamba mu 1997 ndi makampani asanu, pano aposa 20, ndipo muli Lufthansa, United, Turkish Airlines, EgyptAir, South African Airways ndi Ethiopian Airlines imene inalowa mu 2011. Gulu la oneworld linayamba mu 1999, ndi kumene kuli British Airways ndi Qatar Airways. SkyTeam inayamba mu 2000, muli Air France, KLM ndi Kenya Airways. Mamailosi a kampani imodzi amatha kugula mpando pa ndege ya inzake ya m'gulu lomwelo. Zili ngati chibale cha kumudzi: ukapita kudera kumene bambo ako alibe nyumba, umakagona kwa amalume. Yanga ili mu Star Alliance, kutanthauza kuti khomo la Ethiopian linali lotseguka.

Koma kwa amalume sugona chipinda chimene wafuna. Ndege ikhoza kukhala ndi mipando yambiri yosagulidwa, koma ya mamailosi amatulutsa yochepa, ndipo ya anthu ochokera ku makampani anzawo imachepanso kuposa apo. Mu Star Alliance mpando wa economy wa mamailosi amaulemba ndi chilembo X, wa business ndi I. Ngati X palibe tsiku limenelo, ngakhale ukhale ndi mamailosi odzaza ngolo sukwera. Makampani ambiri amatsegula masiku awo kutatsala miyezi pafupifupi 11, ndipo ochenjera amatenga mipando nthawi imeneyo. Nyengo ya July, August ndi Khirisimasi ndiye musanene.

Ife sitikanatha kuthamangira, chifukwa tinkadikira viza ya ku Britain. Kubukitsa viza isanatuluke kunali kuika mamailosi pa juga, popeza kusintha kapena kubweza tikiti kumakhala ndi chindapusa. Kudikiranso kunali kuonerera mipando ikutha. Masabata amenewo ndinkati ndikaweruka, ndikamaliza kuchonga, ndimakhala pa laputopu ya dipatimenti kuyang'ana masiku, mwana ali mbali inayo pa WhatsApp. Iye ndiye anandiphunzitsa kusaka chidutswa chidutswa: Lilongwe kupita ku Addis Ababa payekha, Addis Ababa kupita ku Ulaya payekha, kenako kulumikiza. Anandiphunzitsanso kuyang'ana pa masamba a makampani ena a m'gululo, chifukwa mpando umene ukuoneka kwa awiri kapena atatu ndiye ulipodi. Wina umaoneka pa tsamba limodzi, ukati uugwire wasowa ngati mzukwa.

Viza itatuluka, ndinapeza njira tsiku lomwe tinkalifuna: Lilongwe, Addis Ababa, Brussels, Frankfurt, Edinburgh. Ndinaimba m'manja ndekha. Ndinatsala pang'ono kudina pamene mwana anakuwa pa foni, "Adadi, dikirani! Brussels ndi Frankfurt onse ali mu Schengen!" Ine, mphunzitsi wa Geography, amene ndimalembetsa ana notsi zoti pangano la Schengen linasainidwa mu 1985 m'kamudzi ka ku Luxembourg. Ndege yochoka ku Brussels kupita ku Frankfurt imatengedwa ngati ya m'dziko limodzi, ndiye kuti uikwere uyenera kulowa kaye m'dera la Schengen, ndipo mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza ina. Ya ku Britain siigwira ntchito pamenepo. Mayi akunyumba akanabwezedwa pa kauntala ku Lumbadzi komweko, zikwama zili m'manja. Kompyuta imakupatsa njira, siifunsa mtundu wa pasipoti yako. Safunsa anadya phula, anzanga.

Tinabwerera m'mbuyo masiku asanu, n'kupeza ina Lachiwiri: Ethiopian mpaka ku Addis Ababa, kenako Turkish Airlines kudzera ku Istanbul mpaka ku Edinburgh. Yotalika, yodikiritsa, koma tikiti imodzi, ndipo katundu wokalandirira kumapeto. Apanso ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Ndinalemba dzina la bambo anga monga mmene aliyense amawaitanira mayiwa, chonsecho pasipoti yawo ili m'dzina la kwawo. Dzina la pa tikiti liyenera kufanana ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo, ndipo kukonza tikiti ya makampani awiri si masewera. Kumbukiraninso kuti pakafunika kusintha kanthu ulendo usanayambe, mumapita kwa amene anakugulitsani ndi mamailosi, osati kwa mwini ndege.

Tsopano za ulere zija. Walira mvula walira matope. Mamailosi amalipira mpando wokha. Misonkho ya maboma, ndalama za mabwalo a ndege, ndi ina imene makampani ena amawonjezera, zonsezo zimafuna ndalama zenizeni, pa khadi, m'ndalama zakunja. Tikiti yochokera ku Britain ili ndi msonkho wakewake wotchedwa Air Passenger Duty. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kwathu kuno, anatilipirira ndi mkamwini. Komabe zonse pamodzi zinali kachigawo chabe ka mtengo uja unatikhazika pa mkeka. Mu akaunti mwanga munatsala mamailosi osakwana ngakhale kukafika ku Chileka.

Tsiku la ulendo ndinapempha kwa a hedi. Mayi akunyumba anali asanakwerepo ndege. M'chikwama munali ufa woyera, zitenje zinayi zoberekera, mthiko watsopano ndi tsabola wa kambuzi. Ndinawalembera papepala, zilembo zazikulu ngati za Standard 1, dzina la bwalo lililonse, nambala ya ndege ndi nthawi yake. Pa khomo lolowera anatembenuka n'kunena kuti, "Nanga Nile wanu uja, bambo?" Ndinati mtsinje suthawa. Anaseka, koma anandigwira dzanja nthawi yaitali, chinthu chimene sachita pagulu.

Mwana anabadwa masiku 6 mayi atafika, kutatsala sabata ndi theka kuti tsiku la adokotala likwane. Tikanaumirira tsiku lathu loyamba lija, bwenzi atafika usiku woti mawa lake matenda ayamba, otopa, osadziwa ngakhale pamene pali mapoto. Chithunzi choyamba chimene ananditumizira, kamdzukulu kanga kali mu chitenje cha buluu chimene tinagula limodzi mu msika wa ku Lilongwe, kunja kwa windo kukuoneka mvula ya ku Scotland. Ndinachionera mu staff room, ndipo amene munalipo mukudziwa kuti ndinanamizira fumbi la choko.

Ndiye inu ana anga amene muli ku Joni, ku Ulaya ndi kwina, amene mumabwera kudzaona makolo chaka ndi chaka: lembetsani, n'zaulere. Sankhani gulu limodzi, musamwaze mamailosi m'makampani asanu. Dziwani tsiku limene adzathe. Ndipo musawasunge kudikira ulendo wa maloto. Mwini malamulo ndi kampani, akhoza kukweza mtengo wa tikiti mawa osakufunsani. Pakapezeka munthu woti afike kwinakwake, atulutseni.

Nile ndikujambulabe pa bolodi. Lolemba ndili ndi Form 3, mutu wake ndi womwewo. Amene muli ndi mafunso lembani m'munsimu, ndiyankha ndikamaliza kuchonga.