Bawuti Wogwira Dzimbiri ndi Maso a Nkhono

Akuluakulu akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Adzukulu ambiri amaumva mwambi umenewu m'kalasi, naulemba pamayeso, kenaka nauiwala, chifukwa amaganiza kuti udathera nthawi ya nthungo ndi mipaliro. Komatu ku Chinguluwe, m'boma la Salima, mwambiwu udaweruzapo mlandu pansi pa galimoto, ndipo woimbidwa mlanduyo adali mnyamata wophunzira umakaniko kwa agogo ake.

Chinguluwe ndi dera la thonje. Chiyambire kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene boma mothandizidwa ndi dziko la Germany lidayambitsa chitukuko cha ulimi m'mbali mwa nyanja ku Salima, mbewu imeneyi yakhala ikulipirira ana sukulu ndi kufolera nyumba ndi malata. Dothi lomwe thonje limakonda, la makande, ndi lomwenso limazunza galimoto. M'dzinja limasanduka phala lomata, likakamira kunsi kwa galimoto, nkusunga chinyezi pazitsulo kwa miyezi. Ena amanamizira nyanja kuti ndiyo idyetsa zitsulo dzimbiri, koma madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere ngati a ku Beira. Mdani weniweni ndi matope osatsukidwa. Kuonjezera apo, galimoto zina zobwera kale zitagwira ntchito ku Japan, zolowera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, zimafika zitayamba kale kudyeka, popeza m'madera ozizira a dzikolo amathira mchere m'misewu kuti chisanu chisungunuke.

Tsono chaka china m'mwezi wa June, misika ya thonje itatsegulidwa, bambo wina adabwera ndi pikapu yake ya Toyota Hilux pansi pa mtengo wa mango pomwe mmisiri wokalamba ankagwirira ntchito. Galimotoyo inkagogoda kumbuyo ikaponda pabampu, ndipo ikasenza katundu inkayenda chopendekera ngati nkhanu. Alimi anayi adali atamulonjeza kale kuti awanyamulire mabelo m'mawa mwake. Nkhalambayo idagwada, nilowetsa chitsulo pamutu pa sipuling'i, nitekesa. Bushi adali atatha.

Wosadziwa aganiza kuti bushi n'chinthu chachikulu. Ndi kamphira chabe kokhala ngati mtondo waung'ono, kokhala ndi kapaipi kachitsulo pakati, ndipo bawuti amadutsa m'kapaipiko kulumikiza sipuling'i ku thupi la galimoto. Ntchito yake ndi ya nkhoswe m'banja: kuima pakati pa zitsulo ziwiri kuti zisamenyane. Vuto limabwera madzi akalowa pakati pa bawuti ndi kapaipi. Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chomwe ladya, motero limadzaza kampata konse mpaka ziwirizo zikhale ngati zidabadwa pamodzi. Munthu akapotokola bawuti wotere, chomwe chimagonja ndi mphira yokha. Akasiya, bawuti amabwerera pomwe adali.

Madzulo a tsikulo kudamveka uthenga wa maliro kumudzi woyandikana nawo, ndipo mmisiri sakadachitira mwina. Asadanyamuke adaitana mdzukulu wake nati, “Iwe, upale matope onsewo ndi bulashi ya waya. Ukatero uthire parafini wosakaniza ndi oyilo pa nati, ubwereze usadagone, ubwerezenso tambala woyamba akalira. Sipanala usaikepo kufikira nditabwera.”

Mnyamatayo adavomera, “Ndamva, agogo.”

Adapaladi matope, nathira mafutawo kamodzi. Koma mwini galimoto sadachoke. Adakhala pa tayala lakale akuyang'ana dzuwa, nayamba kunyengerera. “Achimwene, inutu ntchito mwaidziwa kale. Agogowo akabwera mawa masana, alimi aja adzakhala atapeza lole ina. Nati mmodzi yekha angatigonetse pano?” Mau otamanda amaledzeretsa mnyamata kuposa kachasu. Adatenga sipanala ya 19, yapakamwa potsegula, nalowetsa paipi yaitali kumchira kwake, naponda ndi mwendo. Padamveka kulira kamodzi kokha, thwa! Nati adagwa pansi atanyamula nsonga ya bawuti m'mimba mwake.

Pamenepo zinthu zikadatha kukonzeka mosavuta, mnyamatayo akadakhala pansi n'kudikira. Mantha adamuuza zina. Adatola hamala yaikulu nayamba kukhoma chitsa cha bawuti kuti chitulukire mbali inayo, ndipo nkhonya iliyonse inkaphwanyaza nsongayo mpaka idatambasuka ngati bowa. Tsopano bawuti sakadatulukanso ngakhale dzimbiri likadamumasula. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mmisiri adabwerako m'mawa dzuwa litakwera. Adayang'ana bawutiyo nthawi yaitali, natola nati uja, namutembenuza m'manja. Apa ndi pomwe pali mwambo womwe ukusowa m'magalaja ambiri a masiku ano, momwe bwana amatukwana wophunzira pamaso pa kasitomala kuti iye aoneke wosalakwa. Nkhalambayo idatembenukira kwa mwini galimoto niti, “Bambo, talakwa ndife. Bawuti watsopano tigula tokha.” Dzina la mdzukulu silidatchulidwe. Mwa Achewa mwana akaswa mtsuko wa eni, amene amakapepesa ndi mwini mbumba, ndipo chilango chimaperekedwa kuseri, alendo atapita. Mwini galimoto, yemwe ankadziwa bwino mbali yake pa nkhaniyi, adangoyang'ana pansi.

Kenaka ntchito idayamba, ndipo idayenda pang'onopang'ono mokwiyitsa oonerera. Choyamba nkhalambayo idakana kudalira jeke yekha. Idatumiza ana kukatenga zipika ziwiri zolimba, nizitsamiritsa pansi pa thupi la galimoto, nitchinga matayala akutsogolo ndi miyala. Njerwa idazikana, popeza njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Wina mwa oonerera adati angoyatsa moto wa gasi awotche zonse. Moto umathandizadi pamene nati akadalipo, chifukwa chitsulo chikatentha chimafutukuka n'kuswa dzimbiri, koma pagalimoto iyi thanki ya mafuta idali pafupi kwambiri, ndipo mmisiri adangoloza thankiyo ndi chala osayankha kanthu.

Adachotsa mpeni wa sowo yodulira zitsulo m'chigoba chake, nakulunga nsanza mbali imodzi, naupereka kwa mdzukulu. Pakati pa mutu wa sipuling'i ndi chitsulo choukoleka pali kampata kopapatiza mbali zonse ziwiri, ndipo m'menemo ndimo mnyamatayo adayenera kudula bawuti, kuno ndi uko. Adagona chagada m'fumbi kuyambira mmawa mpaka dzuwa litapendeka. Mipeni iwiri idathyoka. Agogo ake adakhala pambali akudontheza oyilo pamalo odulapo, nayankhula motsitsa mau kuti ena asamve. Adamuuza kuti nati wouma amagwidwa ndi soketi ya makona asanu ndi imodzi, yomwe imakumbatira mbali zonse. Kuti asadamasule ayambe wamangitsa pang'ono, kenaka abweze, amangitsenso, abwezenso, akuthira mafuta. Kuti hamala imagogoda pamutu pa bawuti kuti dzimbiri ligwedezeke, ndipo ngati kukhoma kunsonga kuli kofunika, nati amasiyidwa pomwepo kuti ateteze mano. Adamuuzanso kuti bawuti akathyokera m'dzenje lotseka, wowotcherera amamatira nati wina pachitsacho, kutentha komweko n'kuthandiza kumasula. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma awa adakoma tsiku lomwelo, matuza ali m'manja.

Sipuling'i itatsika, adaitengera kutali ndi galimoto, nawotcha mphira yakaleyo pamakala, nakhoma kapaipi kaja pamodzi ndi chidutswa cha bawuti. Adapala m'kati mwa dzenje mpaka muyere, nalowetsa bushi watsopano pomukoka ndi bawuti wautali ndi mawashala, osamumenya.

Padatsala kugula bawuti. Mnyamatayo adakwera kabaza kupita ku Kamuzu Road, nabwerako ndi bawuti wonyezimira ngati ndalama yatsopano. Agogo ake adayang'ana pamutu pake napeza palembedwa 4.6. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manambala amenewa amanena mphamvu ya chitsulo: wa 4.6 amapirira theka chabe la zomwe wa 8.8 amapirira, ndipo wa 10.9 amaposa onsewo. Wa 4.6 ngwoyenera pageti kapena pangolo, osati pansi pa mabelo a thonje ndi anthu okhala pamwamba pake. Mnyamatayo adabwereranso m'mawa mwake, ndipo ulendo uno adabwera ndi bawuti wakuda, wochotsedwa pagalimoto ina yakufa, wolembedwa 10.9.

Adampaka girisi pathupi pake kuti wodzamasula m'tsogolo asadzavutike, namulowetsa, namanga nati mosalimbitsa. Mwini galimoto adafuna kudandaula, koma mmisiri adalamula kuti ayambe atsitsa galimoto iime pa matayala ake. Bushi womangidwa galimoto ili m'malere amakhala wopotoka moyo wake wonse, ndipo sachedwa kung'ambika. Galimoto itakhala pansi, nkhalambayo idapereka sipanala kwa mdzukulu yemwe uja kuti amalize yekha.

Alimi awiri mwa anayi aja adali atapeza kale lole ina. Mwini galimoto adalipira ntchitoyo kupatula mtengo wa mabawuti awiri ndi maulendo a kabaza, monga adapanganirana, nanyamuka kukatenga mabelo a awiri otsalawo. Bawuti wonyezimira uja adakamangira chitseko cha khola la mbuzi.