Wochi Imene Inaima Mwini Wace Atagona

Ku Kaunda Square Stage One, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kuli mai wina wamasiye wocokera ku Katete amene anasunga wochi ya malemu amuna ace m'kacitini kwa zaka zinai. Wochiyo ndi ya mtundu wa Omega, yopangidwa ku Switzerland, ndipo bamboyo anailandira monga mphatso pamene anapuma pa nchito. Sinali kucoka pamkono pao, ngakhale polimira ndiwo kuseri kwa nyumba.

Bamboyo atagonekedwa m'cipatala, anavula wochi naipereka kwa akazi ace. Patapita masiku awiri inaima, ndipo sabata lomwelo mwini wace anatsikira kulicete. Pamaliro anthu ananong'onezana kuti amenewa ndi malodza, wochi yatsogolera mwini wace. Pogawa katundu panalibe mbale ndi mmodzi yemwe amene anaikhumba.

Caka cina njala italowa m'nyumba, kunabwera mnyamata wogula zinthu zakale. Anaitembenuza wochi nati batire yace inatha kalekale, koma cifukwa ca cifundo angapereke ndalama yokwanira thumba limodzi la ufa. Maiyo anatsala pang'ono kuvomera. Koma mdzukulu wao anati, "Ambuya, safunsa anadya phula. Tiyeni tiyambe tamva kwa odziwa."

M'mawa mwace anakwera basi, natsata mseu wa Great East mpaka m'tauni. Kufupi ndi Cairo Road anapeza nkhalamba yokonza mawochi, kagalasi kali padiso. Inapotokola kamutu ka pambali pang'onopang'ono, niika wochi pakhutu pa maiyo. Anamva kugunda kumene anali kukumva usiku uliwonse amuna ao ali moyo, ndipo misozi inalengeza.

"Amai, wochi iyi siinafe, ndipo mulibe batire," inatero nkhalambayo. Inafotokoza kuti mawochi a batire ndi a dzulodzulo, pakuti yoyamba ya pamkono yochedwa quartz inagulitsidwa ndi kampani ya Seiko ku Japan mu 1969. Iyi imayenda ndi sipuling'i yokulungidwa. Mkati muli kacitsulo kolemera konga theka la mwezi, kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, ndi kumanga sipuling'iyo. Mkono ukaleka kuyenda, mphamvu imatha patapita pafupifupi masiku awiri. Wochi inaima cifukwa inacoka pamkono. Malodza panalibe.

Komabe nkhalambayo siinalole kuti aivale tsiku lomwelo. Inati timawilo ta mkati timazungulira pa timiyala tofiira todzozedwa kadontho ka mafuta apadera, ndipo mafutawo amauma pakapita zaka. Kuiyendetsa youma ndi cimodzimodzi kupalasa njinga yopanda girizi. Inafunika kumasulidwa yonse, kutsukidwa ndi kudzozedwanso. Inacenjezanso kuti ambiri amaononga mawochi otere powatsegula ndi mpeni, powathira parafini kapena mafuta a makina osokera, ndi powapereka kwa anthu amene amacotsa za mkati zamtengo wapatali ndi kuikamo za batire zochipa.

Mtengo wa nchitoyo unapambana wa thumba la ufa lija. Maiyo anakhala cete nthawi yaitali. Kuigulitsa kukanawadyetsa mwezi umodzi, kuikonza kunali kudzimana miyezi ingapo. Potsiriza analemba nambala ya wochiyo papepala, nalandira lisiti, naisiya. Kwa miyezi itatu anali kupatula kangacepe pa malonda ao a vitumbuwa mpaka ngongole inatha.

Tsiku loitenga sanaibwezere m'kacitini. Anaimanga pamkono pa mdzukulu uja nati, "Mwana wanga, ambuya ako sanacedwepo ku nchito. Ici si cokongoletsera kabati. Ukakhala waulesi cidzakuulula, pakuti cidzaima."

M'midzi yathu muli mabokosi ambiri osunga mawochi amene makolo anabwera nao kucokera ku migodi ya Kitwe, Kabwe ndi Johannesburg. Ena anafadi ndi dzimbiri, koma ambiri angogona. Asanatayidwe kapena kusinthanitsidwa ndi nkhuku, ayenera kusungidwa pouma ndi kuonetsedwa kwa mmisiri weniweni. Ya ku Kaunda Square ija imakwera basi m'mawa uliwonse, ndipo madzulo mnyamatayo akabwera, maiyo amapempha kuti aimveko pakhutu asanagone.