Kulera Mwana Patsinde pa Mapiri a ku Edinburgh

Amayi anzanga, ambiri a inu muli ndi mwana, mchemwali kapena mlamu amene ali kunja kwa dziko lino, ndipo mukalandira zithunzi zake mumaona nyumba zazitali, misewu yoyera ndi ana ovala majekete okongola. Zimene chithunzi sichionetsa ndi momwe tsiku la mayi limayendera kumeneko. Lero ndikufuna ndikutengeni ku Edinburgh, likulu la Scotland, kumene banja lathu likukhala, kuti muone nokha za mapiri a kumeneko ndi za tsiku limene mwana wathu wamkazi anakwanitsa zaka 7.

Mzinda umenewu si wachilendo kwenikweni kwa ife Amalawi. M'munda wa maluwa wa Princes Street muli chipilala cha David Livingstone, yemwe anabadwa m'chaka cha 1813 m'tauni ya Blantyre ya ku Scotland komweko, imene dzina la Blantyre wathu linachokera. Dr. Kamuzu Banda nawonso anaphunzirako za udokotala mumzindawu. Choncho mukanena kuti ndinu wa ku Malawi, kawirikawiri mumapeza munthu wachikulire amene mpingo wake kapena sukulu ya mdzukulu wake ili pa ubale ndi kwathu.

Koma ubale wa mayiko suthetsa chisanu. M'mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa, ndi kulowa cha m'ma 3:40 masana. Mwana amapita kusukulu kusanayere bwino, ndipo pobwerako mdima umakhala ukugwa kale. Mayi amene anazolowera kusinja, kuchapa ndi kucheza pabwalo amadzipeza ali m'nyumba yotseka mazenera, wopanda wogogoda pakhomo kudzapempha moto kapena mchere. Anansi ndi anthu aulemu ndithu, koma sabwera osaitanidwa. Kuno kulibe apongozi oti akugwirireni mwana mukadwala, kulibe mlamu woti mumutume kumsika. Zonse zili pa inu awiri, bambo ndi mayi, ndipo banja limene silinazolowere kuthandizana ntchito za pakhomo limayesedwa kwambiri.

Mankhwala amene eni dziko anawapeza pa vuto limeneli ndi kutuluka panja, kaya kukugwa mvula kaya kuli mphepo. Kwathu mayi amakwera phiri kukatola nkhuni, kukazula bowa kapena kukatola masuku, ndipo amatsika atasenza mtolo. Kuno anthu amakwera phiri opanda chokatenga, ndipo amatsika ali chimanjamanja koma mitima itapepuka. Lamulo limene nyumba ya malamulo ya Scotland inakhazikitsa m'chaka cha 2003 limalola munthu aliyense kuyenda pafupifupi paliponse m'mapiri ndi m'madambo, malinga asaononge mbewu, asasokoneze ziweto ndiponso asataye zinyalala.

Pakati penipeni pa mzinda pali phiri lotchedwa Arthur's Seat, limene kalekale linali lophulika moto. Kutalika kwake ndi mamita 251 kuchokera pamwamba pa nyanja yaikulu. Inu a ku Mulanje mukumwetulira, pakuti nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002. Ngakhale madzi a Nyanja ya Malawi ali pamwamba kuposa nsonga ya phiri limeneli, ndipo phiri lalitali koposa mu Britain monse, Ben Nevis, la mamita 1,345, silifika pamene pali boma la Dedza. Komabe musalipeputse. Mphepo yochokera kunyanja imaomba pamwamba pake mwamphamvu, miyala yake ndi yoterera mvula ikagwa, ndipo nyengo imatha kusintha kangapo pa tsiku limodzi. Wokwera amavala nsapato zolimba, jekete losalowa madzi ndi chipewa, ndipo amanyamula tiyi wotentha ngakhale dzuwa likuwala.

Kum'mwera kwa mzinda kuli mapiri a Pentland, amene munthu amafikako pa basi ya mumzinda momwemo. Kumeneko kuli nkhosa zambiri, madamu a madzi ndi kamudzi kotchedwa Swanston, komwe kuli nyumba zopaka laimu zofoleredwa ndi udzu. Mwana wathu atangoziona anafunsa ngati agogo ake amakhala m'nyumba yotere. Kuchokera pamudzipo njira imakwera mpaka pansonga ya Allermuir, ya mamita 493, pamene mumaona mzinda wonse ndi milatho itatu yoolokera pa Firth of Forth: wa sitima wa m'chaka cha 1890, wa galimoto wa mu 1964 ndi watsopano wa mu 2017. Ndi m'njira zoterezi momwe mwana amayankhula zimene sanganene m'nyumba. Ndi momwemonso ife timamuphunzitsa mawu akwathu: mwala, udzu, nkhosa, mtambo, chitunda, chigwa. Kusukulu, pa wailesi ya kanema ndi pamasewera amamva Chingerezi chokhachokha, ndipo mayi akapanda kuchenjera, tsiku lina adzapeza kuti mwana ndi agogo ake akusowa womasulira.

Tsono tifike pa tsiku lokumbukira kubadwa. Kuno mwambo wake uli ndi malamulo. Mumalemba makalata oitanira ana a m'kalasi, kutchula ola loyambira ndi ola lothera, kawirikawiri maola awiri okha. Kholo lililonse limayankha ngati mwana wake abwera, ndipo wobwera ndi yekhayo amene waitanidwa, osati ndi abale ake onse. Mumafunsiratu ngati pali mwana amene zakudya zina zimamudwalitsa, makamaka mtedza, mazira kapena mkaka, pakuti kwa ana ena kachidutswa ka mtedza kamatha kutseka mpweya. Pomaliza mwana aliyense amapatsidwa kathumba ka maswiti ndi chidutswa cha keke kuti apite nako kwawo. Makolo ambiri amachita lendi holo kapena malo amasewera, ndipo ndalama zimapita zambiri.

Ife tinasankha phiri, lomwe sililipiritsa. Unali mwezi wa Meyi, pamene zitsamba zaminga zotchedwa gorse zimachita maluwa achikasu onunkhira ngati kokonati. Tinayambira pafupi ndi nyumba yachifumu ya Holyrood, ana asanu ndi atatu ndi makolo awo, kudutsa kanyanja ka St Margaret's Loch komwe kumasambira mbalame zoyera zonga atsekwe, ndi mabwinja a katchalitchi ka St Anthony. Ana anafika pamwamba pasanathe ola limodzi, ife akuluakulu tikupuma wefuwefu kumbuyo. Makandulo sakanayaka pamphepo imeneyo, choncho keke anadikira mpaka titatsikira pamalo obisika. Mandasi amene ndinakazinga m'mamawa ndiwo anayamba kutha, ndipo amayi awiri anapempha kuti ndiwalembere kapangidwe kake.

Tili pansongapo tinaimbira foni agogo kumudzi, foni yoonana nkhope. Nthawi yachilimwe kwathu kumakhala patsogolo ndi ola limodzi lokha, choncho tinawapeza atangomaliza nsima ya masana. Mwana anati, “Agogo, mwaswera bwanji? Ndakwera phiri.” Agogo anayankha, “Ndaswera bwino, amayi anga. Nanga nkhuni zili kuti?” Mwana anaseka, pakuti anamva zonse popanda womuthandiza. Kwa ine imeneyo ndiyo inali mphatso yaikulu ya tsikulo. Pambuyo pake, polandira mphatso za anzake, analandira ndi manja awiri monga tinamuphunzitsira, ndipo mayi wina wa ku Scotland anafunsa tanthauzo lake. Nditamufotokozera kuti ndi ulemu kwa wopatsa, anati akufuna mwana wake aphunzirenso zimenezo.

Madzulo kunachitika phwando lachiwiri, lopanda kalata ndi lopanda ola lothera. Mabanja akwathu amene ali mumzindawu anabwera ndi ana awo onse, wina atanyamula mpunga, wina nkhuku, wina thobwa. Ufa timagula m'masitolo a zakudya za ku Africa ndi ku Asia cha ku Leith Walk, ndipo masamba otchedwa kale amalowa m'malo mwa mpiru. Ndiwo zotendera tinazisungira madzulo amenewa, alendo a masana atapita. Pakati pa anthu amenewa mwana ali ndi azakhali ndi amalume amene si a magazi ake, koma amamudzudzula akalakwa ndi kumunyamula akagwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu umalemera kwambiri kutali ndi kwanu.

Tsono inu amayi amene adzukulu anu ali kunja, musatope kuwayankhula m'chinenero chathu, ngakhale atayankha mokhota lilime. Musawaseke mowachititsa manyazi, chifukwa mwana wosekedwa amatseka pakamwa. Jambulani mawu anu pafoni, muwasimbire nthano ndi mayina a makolo awo, muwauze dzina la mudzi ndi la mfumu yawo. Ndipo inu amene mukulera ana pafupi ndi agogo awo, dziwani kuti muli ndi chuma chimene ife timachifunafuna ndi ndalama za foni. Michiru, Zomba, Dedza, Nkhoma ndi Bunda ali pakhomo panu. Loweruka lina, ntchito zikachepa, kazingani chimanga, tengani botolo la madzi, mukwere ndi ana anu opanda nkhwangwa kapena chingwe, mukawaonetse mudzi wawo kuchokera pamwamba.